Mabasi otuwa ndi ulaliki wa ku Münster

Mu 1940 mabanja ambiri ku Germany anayamba kulandira makalata ofanana. Kalatayo inkati m'bale wanu amene anali kunyumba yosungirako anthu olumala ubongo wamwalira mwadzidzidzi, ndipo mtembo tawotcha kale poopa matenda opatsirana. Kenako kunkafika kamtsuko ka phulusa. Bodza lake linali losasokedwa bwino: ena anauzidwa kuti mwana wawo wafa ndi apendikisi, chikhalirecho anamuchotsa kalekale.

Zonse zinkachokera ku ofesi ina ya boma la Hitler ku Berlin, pa Tiergartenstrasse 4, n'chifukwa chake ntchito yakuphayi imatchedwa T4. Ofesiyo inkatumiza mafomu m'zipatala, ndipo funso lolemera kwambiri linali lakuti kodi wodwalayu amatha kugwira ntchito. Madokotala amene sanamuonepo n'komwe ankangolemba kamtanda kofiira, kotanthauza kuti aphedwe. Basi, mlandu watha. Mabasi otuwa, mawindo ake opakidwa penti, ankawatengera ku Hadamar, Grafeneck ndi malo ena anayi kumene ankawapha ndi mpweya wapoizoni. Pofika Ogasiti 1941 anthu oposa 70,000 anali atapita.

Nyumba zambiri zimene mabasiwa ankaimapo zinali za mipingo. Apa m'pamene nkhaniyi imawawa. Akhristu anali nawo kale mawu a pa Yohane 9, pomwe ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu uja abadwe wosaona, Yesu n'kuyankha kuti sanachimwe iye kapena makolo ake. Ankalalikiranso kuti aliyense analengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Komabe mu 1931, Hitler asanatenge n'komwe boma, akuluakulu a ntchito zachifundo za Chipulotesitanti atakumana ku Treysa anakana zopha olumala koma anavomera zowatseka kuti asabereke. Ankati n'kuchepetsa mavuto a mibadwo yam'tsogolo. Papa Pius XI anali atatsutsa zimenezi mu 1930. Lamulo la mu 1933 litabwera, anthu pafupifupi 400,000 anatsekedwa mokakamiza, ena a iwo ali m'manja mwa mpingo.

Pa zakupha, ena analimba mtima, ngakhale aliyense mwa njira yake. Mbusa Friedrich von Bodelschwingh wa ku Bethel, mudzi wa odwala khunyu pafupi ndi Bielefeld, anakana kudzaza mafomu aja n'kumakambirana ndi akuluakulu a boma chamseri, osafuula paguwa. Mnzake Paul Braune analemba chikalata chodandaula mu Julayi 1940, apolisi achinsinsi a Gestapo n'kumutsekera.

Amene anaswa mbiya poyera ndi Bishopu wa Katolika Clemens August von Galen. Pa 3 Ogasiti 1941, m'tchalitchi cha St Lambert ku Münster, anatcha zinthuzo dzina lake: kupha. Mfundo yake inalasa chifukwa inakhudza aliyense wokhala pabenchi. Ngati munthu angaphedwe poti sapindulitsa, nanga ifeyo tikadzakalamba? Nanga msilikali wobwera kunkhondo atapundulidwa? Anthu anakopera ulalikiwo n'kumapatsirana mobisa, ndipo pa 24 Ogasiti Hitler analamula kuti T4 iyime.

Inangoima pa pepala. M'zipatala anapitiriza kupha ndi njala komanso mankhwala mpaka 1945, ndipo antchito ambiri a T4 anasamutsidwira ku misasa yopherako anthu ya Belzec, Sobibor ndi Treblinka ku Poland. Za Ayuda amene anakafera kumeneko, Galen sanalalikirepo pagulu.