Nyanja ya Tahoe "simeza" anthu, vuto ndi kuzizira kwa madzi

Alendo ofika ku South Lake Tahoe, tawuni ya m'mapiri m'malire a California ndi Nevada ku America, amamva mphekesera yoti nyanjayi ilibe pansi ndipo muli chilombo chokoka osambira. Ndi bodza. Pansi pake anapayeza kalekale: pozama kwambiri ndi mamita 501, osafika ngakhale pa Nyanja ya Malawi yomwe imazama pafupifupi mamita 700.

Chimene chimapha anthu n'chosaoneka. Nyanjayi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,900 ndipo madzi ake ambiri ndi chipale chosungunuka cha m'mapiri. Pa magombe ngati Pope Beach kapena Sand Harbor, dzuwa likaswa mtengo, madzi a m'mphepete amafunda n'kukunyenga. Koma akuya amakhala pa madigiri 4 chaka chonse. Munthu akadumpha m'boti pakati pa nyanja, thupi limadzidzimuka, amakoka mpweya mosafuna n'kumeza madzi, kenako manja ndi miyendo zimafooka. Ngakhale katswiri wosambira amamira motere, oonerera n'kumati chilombo chamukoka.

Lowani m'madzi pang'onopang'ono kuchokera kugombe, ndipo mukakwera boti valani jekete yoyandamitsa.