Zilonda za m'zala pa matenda a systemic sclerosis: mankhwala ake amatsatana bwanji?

Kachilonda kakang'ono chonchi kakukaniranji kupola?

Vuto lili m'mitsempha. Systemic sclerosis ndi matenda oumitsa khungu, amene amachepetsa njira ya magazi m'timitsempha ta m'zala, ndipo khungu limauma gwa. Chala chikazizidwa chimayera, kenako chimachita buluu, magazi akabwerera chimafiira n'kumawawa. Madokotala amati Raynaud. Nsonga ya chala ikasowa magazi nthawi yaitali, pamabuka chilonda, ndipo mafuta opaka okha sangachipoletse. Muno mu Lusaka zimafika poipa mu Juni ndi Julayi, makamaka kwa amene amachapa m'mamawa ndi madzi a pampopi.

Dokotala amayamba ndi mankhwala ati?

Nifedipine, amene ambiri amawadziwa ngati a BP. Kawirikawiri ndi 30 mg kamodzi pa tsiku, kufikira 60 mg. Piritsi lake limasungunuka pang'onopang'ono, choncho mezani lathunthu, osatafuna. Mutu ungawawe, akakolo angatupe.

Zikakanika amawonjezera sildenafil, kuyambira 20 mg katatu pa tsiku. Inde, ndi omwe aja abambo amagulira nkhani zina, koma pano ntchito yake ndi kutsegula mitsempha. Amene amamwa mankhwala a mtima otchedwa ma nitrate asayerekeze kumwa sildenafil, BP imagwa koopsa.

Nanga dripi imabwera liti?

Chilonda chikakana mapiritsi, kapena chala chikayamba kuda. Mankhwala otsegula mitsempha otchedwa iloprost amawayendetsa mumtsempha maola 6 pa tsiku, masiku 3 mpaka 5, manesi akuyeza BP. Izi n'za chipatala chachikulu, ndiye pemphani kalata kukiliniki yanu yopita nayo ku UTH (University Teaching Hospital). Chala chikada, musadikire tsiku lomwe anakulemberani.

Kodi mapiritsi ena aja otchedwa bosentan amapoletsa chilonda?

Ayi, ndipo ambiri amakhumudwira pamenepa. Amachepetsa kubuka kwa zilonda zatsopano, koma chimene chilipo sachifulumizitsa kupola. Amayamba ndi 62.5 mg kawiri pa tsiku kwa masabata 4, kenako 125 mg kawiri pa tsiku. Magazi oonera chiwindi amayezedwa mwezi uliwonse. Bosentan amawononga mwana m'mimba, komanso amafooketsa mapiritsi olera, choncho mayi asadalire mapiritsi okhawo.

Ndimamwanso a TB kapena ma ARV. Pali vuto?

Nenani dokotala asanalembe chilichonse. Rifampicin, mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kuphwanya nifedipine ndi sildenafil msanga, moti mumangoona ngati mankhwala sakugwira. Ritonavir, amene amapezeka mu ma ARV ena, amachita zosiyana, amachulukitsa sildenafil ndi bosentan m'magazi.

Ndi ati amene amakulitsa vutoli?

Propranolol ndi atenolol, mankhwala a BP ndi mtima, amaziziritsa zala. Fodya ndiye chimodzimodzi. Prednisolone (wochepetsa kutupa) wopitirira 15 mg pa tsiku angawononge impso mwadzidzidzi pa matendawa, ndiye musamagule nokha kufamase zala zikamawawa.

Chilonda chikatuluka mafinya?

Pamafunika ma antibiotic, ndipo dokotala angajambule chalacho ndi X-ray kuona ngati tizilombo tafika pafupa. Imwani mankhwala opha ululu nesi asanayambe kutsuka, chifukwa kuchotsa mnofu wakufa kumapweteka zedi.