Chipsera chofufuma si ufiti ndipo sichipatsirana

Munthu akatuluka chotupa cholimba, chonyezimira, pakhutu kapena pachifuwa, ena amati walodzedwa, ena amaopa kumukhudza kuti angawapatsire. Zonsezi n'zabodza, komanso chotupacho si khansa. Ndi chipsera chimene madokotala amachitcha keloid.

Bala likamapola, thupi limapanga chinthu chotchedwa kolajeni, chimene chimalumikiza khungu. Mwa anthu ena thupi silisiya msanga, ndiye chipsera chimakula mpaka kupitirira malire a bala. Chimatha kuyambira pamene anaboola ndolo, pa chiphuphu, pamene munthu anapsa, ngakhale pa mphini. Chimakonda anthu akhungu lakuda ndipo chimayenda kumtundu.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ena amakachitemera mphini kapena kuchimanga ndi ulusi kuti chiduke. Bala latsopanolo ndi lomwe limachikulitsa. Ngakhale kuchipatala, akangochidula popanda chithandizo china, kawirikawiri chimabwerera, mwinanso chokulirapo.

Madokotala amabaya jakisoni wa mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa triamcinolone m'chipseramo, kubwereza pakapita milungu 4 mpaka 6. Kuyabwa kumachepa, chimafewa n'kumaphwa pang'onopang'ono. Amene chinamutulukapo kale asabooletsenso makutu.