Pulogalamu ikakana kusunga zomwe mwasintha, fufuzani kaye mwini wa failo

Mwasintha chilankhulo kapena printa mu pulogalamu yanu, mwadina Save, basi kwatulukira kabokosi kakuti "Access is denied". Pa Linux ndi pa Mac kamati "Permission denied". Nthawi zina uthenga sukhalapo n'komwe, mumangodabwa mawa mukatsegula kuti zonse zabwerera mwakale.

Zomwe mumasankha mu pulogalamu zimalembedwa m'kafailo kakang'ono, kawirikawiri kothera ndi .ini, .json, .xml kapena .conf. Failo iliyonse pa kompyuta ili ndi mwini wake, komanso mndandanda wa ololedwa kuiwerenga ndi ololedwa kulembamo. Pulogalamu mukaitsegula imagwira ntchito m'dzina la akaunti yanu. Ngati akauntiyo siiloledwa kulemba pamene pali kafailoko, kompyuta imakaniza, ngakhale munaigula nokha ndi ndalama zanu.

Ndiye choyamba n'kudziwa pamene kafailoko kali. Pa Windows malo ake oyenera ndi mufoda ya AppData: dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani %appdata% ndipo muona mafoda a mapulogalamu anu. Vuto limabwera ndi mapulogalamu akale a nthawi ya Windows XP, pomwe pafupifupi aliyense ankagwiritsa ntchito akaunti ya administrator, yomwe ili ndi mphamvu zosintha chilichonse pa kompyuta. Amenewo anazolowera kusunga zinthu zawo mu Program Files. Kuyambira pa Windows Vista mu 2007, pulogalamu wamba siiloledwa kulemba m'menemo. Ena mwa mapulogalamu akalewo Windows imawachitira chifundo n'kukawasungira mwakachetechete mufoda yotchedwa VirtualStore, mkati mwa AppData\Local. N'chifukwa chake munthu amatha kukonza failo ya mu Program Files tsiku lonse, pulogalamu osasintha kanthu, chifukwa ikuwerenga ina ya ku VirtualStore.

Anthu ambiri okonza makompyuta angokuuzani kuti, "Ingopangani Run as administrator." Zimathekadi, koma ine sindigwirizana nazo. Kuli ngati kupatsa mlendo makiyi a nyumba yonse chifukwa choti wapempha kulowa chipinda chimodzi. Njira yabwino ndi kutsegula foda imodzi yokhayo. Dinani batani lakumanja la mausi pa fodayo, pitani pa Properties, kenako Security, Edit, sankhani akaunti yanu n'kuchonga pa Modify. Osachita zimenezi pa Program Files yonse.

Pa Linux, mphamvu za administrator zomwezo ndi zimene nthawi zambiri zimayambitsa vutoli. Munthu akatsegula pulogalamu ndi sudo (lamulo lopereka mphamvu za administrator) kamodzi kokha, pa ma Linux ena kafailo kaja kamalembedwa mufoda yake ya ~/.config koma mwini wake n'kukhala root, akaunti ya administrator ya pa Linux. Mawa akatsegula monga mwa masiku onse, amakanizidwa kulemba mufoda yakeyake. Tsegulani Terminal, pomwe mumalemba malamulo, lembani ls -l ~/.config muone. Ngati pamzere wa pulogalamuyo palembedwa root m'malo mwa dzina lanu, bwezani umwini ndi lamulo ili: sudo chown -R $USER ~/.config/dzina-la-foda (pa dzina-la-foda lembanipo dzina la foda ya pulogalamuyo). Pa intaneti mupeza okulimbikitsani chmod 777. Pewani lamulo limenelo, chifukwa limalola akaunti iliyonse pa makinawo kusintha failo yanu.

Amene munagula laputopu kwa munthu wina, kapena munachotsa hadi disiki m'kompyuta yakufa n'kuika mu ina, chenjerani ndi ichi. Windows imazindikira akaunti ndi nambala yaitali yotchedwa SID, osati ndi dzina. Ngakhale mutapanga akaunti ya dzina lomwelo, nambala imakhala ina, ndipo mafailo amakhalabe a akaunti yakale. Mu Properties ya fodayo, pa Security dinani Advanced, kenako Change pambali pa Owner, n'kulembapo akaunti yanu.

Zina n'zazing'ono. Onani ngati failoyo yachongedwa Read-only mu Properties. Onaninso mu Task Manager, yomwe imaonetsa mapulogalamu amene akugwira ntchito, ngati pulogalamu yomweyo sinatsekedwe bwino ndipo ikadagwirabe failoyo. Palinso Controlled folder access, yomwe inabwera mu Windows 10 mu 2017 pofuna kuteteza mafoda monga Documents ku mavairasi otsekera mafailo n'kufuna dipo. Ikakhala yoyatsa imatchinga pulogalamu imene siikuidziwa. Osaizimitsa, lowani mu Windows Security, pa Ransomware protection, n'kuloleza pulogalamu yanuyo.

Zonsezi zikakanika, tengani Process Monitor, pulogalamu yaulere ya Microsoft. Itseguleni, bwerezani kudina Save, kenako fufuzani mzere umene pa Result palembedwa ACCESS DENIED. Pamzere womwewo mupeza dzina la failo imene yakanidwa ndi foda imene ilimo.