Wi-Fi ikasowa mutaika Linux, musathamangire kufomata

Ndatopa nawo mawu akuti "Linux yandiphera Wi-Fi." Siinaphe kanthu. Kachipangizo ka Wi-Fi kadali momwemo mu laputopu, kali bwinobwino. Chikusowa ndi dilaiva yake, kapulogalamu koyendetsa kachipangizoko, kapena dilaivayo ilipo koma ikuletsedwa kuyamba ntchito. Chisiyireni Microsoft kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, eni malaputopu a kaunjika kuno ku Salima akusamukira ku Linux Mint ndi Ubuntu, ndipo akuchita bwino, koma amafowokera pa kanthu kakang'ono komweka.

Tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, mulembe rfkill list. Ikati Soft blocked: yes, lembani sudo rfkill unblock all, basi. Ikati Hard blocked: yes, kawirikawiri ndiye kuti mwadina batani la ndege pa kiyibodi kapena kaswitchi ka m'mbali.

Zikakhala kuti si izi, dziwani dzina la kachipangizoko musanakhudze china chilichonse. Lembani lspci -nnk | grep -iA3 net. Kunena kuti "yanga ndi HP" sikuthandiza, chifukwa ma HP awiri ofanana kunja amatha kukhala ndi zipangizo zosiyana mkati. Yang'anani nambala ya kachipangizoko: ikayamba ndi 8086 ndi Intel, ndipo imeneyi kawirikawiri imangogwira yokha, 10ec ndi Realtek, 14e4 ndi Broadcom, gwero la madandaulo ambiri, makamaka BCM43142. Mzere wa Kernel driver in use ukasowa, vuto mwalipeza.

Mudzafunsa kuti dilaivayo muitenga bwanji popanda intaneti. Lumikizani foni ya Android ndi chingwe chake, muyatse USB tethering, laputopu iyamba kugwiritsa ntchito bandulo yanu ya Airtel kapena TNM popanda kuikamo chilichonse. Chingwecho chikhale chonyamula data. Zina zotchipa za pa Kamuzu Road zimangotchaja. Kenako pa Mint tsegulani Driver Manager, pa Ubuntu Additional Drivers, musankhe ya Broadcom ngati kachipangizo kanu ndi ka Broadcom. Pa Mint, fulashi yomwe munaikira Linux imathanso kupereka dilaivayi, choncho musafulumire kuifufuta kuti muikemo nyimbo.

Apa ndiye pagona nkhani. Malaputopu ambiri amakono ali ndi Secure Boot, yomwe imakana dilaiva iliyonse yomwe siikuidziwa. Poika dilaiva ya Broadcom mumafunsidwa kupanga pasiwedi. Mukazimitsa n'kuyatsanso, pamabwera sikirini ya buluu yonena za MOK, kiyi yovomerezera dilaivayo, ndipo imangodikira masekondi 10. Anthu amaiona ngati vuto, amaisiya idutse. Ikadutsa, dilaiva ili mkati koma siidzuka. Chofunika ndi kudina batani lililonse msanga, kusankha Enroll MOK, kenako Continue, Yes, n'kulemba pasiwedi ija. Polemba sipaoneka zilembo, musadabwe. Ngati inakudutsani kale, lembani mokutil --sb-state; ikati enabled, lowani mu BIOS, zosintha za laputopu zomwe mumalowamo ikangoyaka, pa HP ndi F10, pa Dell ndi F2, muzimitse Secure Boot. Koma ngati mulinso Windows yokhala ndi BitLocker, loko wa mafayilo, mu laputopu yomweyo, pezani kaye kiyi yake ya manambala 48, chifukwa ikhoza kukufunsani, ndipo popanda kiyiyo mafayilo anu simuwaonanso.

Nkhani ya aphunzitsi ena a kusekondale imandiwawabe mumtima. Wi-Fi inasowa chifukwa cha sikirini ya buluu yomweyi. Anapititsa laputopu kwa mnyamata wina wokonza mafoni, iye osafunsa n'komwe chomwe chili mkati, anangofomata n'kubwezeramo Windows yakuba. Mayeso omwe analemba kwa zaka zambiri, malikisi a ana, zithunzi za ukwati wa mwana wawo, zonse zinapita. Atabwera kudzafunsa ngati zingabwezedwe, anali ataigwiritsa kale ntchito kwa masabata, zatsopano zitalembedwa pamwamba pa zakale. Akanaizimitsa tsiku lomwelo, pulogalamu ngati PhotoRec mwina ikanapulumutsako zina. Ntchito yeniyeni inali kudina mabatani anayi. Kufomata chifukwa cha Wi-Fi kuli ngati kugwetsa nyumba chifukwa loko wavuta.

Abale anga, munthu akangogwira laputopu yanu n'kunena kuti "iyi ikufunika kufomata" asanalembe lspci, itengeni muzipita. Chimodzimodzi wokuuzani kuti hard disk yafa chifukwa pulogalamu yoikira Linux siikuiona. Nthawi zambiri mu BIOS mwasankhidwa Intel RST m'malo mwa AHCI pa njira yolumikizira hard disk. Musangosintha ngati mukufuna kusunga Windows, chifukwa imakana kuyaka mukapanda kuikonzekeretsa. Koperani kaye mafayilo anu pa fulashi. Winanso adzakugulitsani kachipangizo katsopano chifukwa netiweki ikufowoka mukangochoka pafupi ndi rauta. Ngati lspci yaonetsa RTL8723BE, vuto limakhala lakuti laputopu ili ndi waya mmodzi wa eriyo, dilaiva ikumvera mbali yopanda waya. Pangani fayilo /etc/modprobe.d/rtl8723be.conf, mulembemo options rtl8723be ant_sel=2, muyatsenso; zikapanda kusintha yesani 1.

Za magetsi mukuzidziwa kale. Ngati batire linafa, musayambe kuika madilaiva nthawi yomwe magetsi amakonda kuthima kwanuko. Akathima ntchito ili mkati, laputopu siinawonongeke: mukayatsa lembani sudo dpkg --configure -a, kenako sudo apt -f install, imalize zomwe inasiyira panjira.

Ndipo inu amene simunaikebe Linux, yatsani laputopu kuchokera pa fulashi, musadine Install. Yesani Wi-Fi, mawu, kamera, Bluetooth ndi pulinta yanu. Ya HP imakonda kugwira msanga chifukwa cha HPLIP, madilaiva a HP a pa Linux, koma Canon LBP2900 imafuna dilaiva yakeyake ya CAPT yomwe imavuta ngakhale kwa odziwa. Ngati ndi pulinta imeneyi yomwe imakudyetsani pa bizinesi yanu yosindikiza, siyani kompyuta imodzi pa Windows mpaka mutaona ndi maso tsamba likutuluka pa Linux.