Kukonza mawu kumayambira pa khutu

Sabata siitha ndisanalandire funso lomwelomwelo kuchokera kwa achinyamata a kuno ku Dedza. Wina amaimba kwaya ku Bembeke, wina akufuna kuyamba pulogalamu ya ulimi wa mbatatesi yomatumiza pa WhatsApp, winanso amajambula maukwati n'kumaika pa Facebook. Onse amafunsa kuti, "Achimwene, ndigule kompyuta yanji, ndipo ndiikemo chiyani kuti mawu anga azimveka ngati a pa wailesi?" Funsolo ndi labwino ndipo ndiliyankha. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikujambula ndi kukonza mawu, ndaona kuti amene amaidziwa msanga ntchitoyi ndi amene anayamba waphunzira kumvetsera, ngakhale zida zake zikhale zobwereka.

Za kompyuta tithane nazo msanga. Laputopu yakale imene imayaka bwinobwino ndi yokwana. Ikanimo Audacity, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira ndi kukonzera mawu. Ndi yaulere, inatuluka koyamba mu 2000 itayambira pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, ndipo mukangoiika siifunanso intaneti kuti igwire ntchito. Adobe Audition, imene ma situdiyo ambiri amaikonda, ndi yolipira. FL Studio ndi ya opanga nyimbo ndi mabiti. Zonsezi mudzazipeza m'tsogolo, ndipo zimene mwaphunzira pa Audacity mudzapita nazo kumeneko. Ndalama yoyamba ipite ku mahedifoni otseka makutu onse, chifukwa chimene simunachimve simungachikonze.

Tsiku lina mukaime pa msika wa Lizulu nthawi imene malonda atentha. Mayi wogulitsa kabichi akukuuzani mtengo, ndipo mukumumva bwinobwino ngakhale malole akudutsa mu M1, akabaza akuliza mahutala, wina akuitanira minibasi. Mukumumva chifukwa ubongo wanu ukusankha liwu lake n'kukankhira zinazo kumbuyo. Mayikolofoni sasankha. Amatola zonse mofanana, lole ndi mayiyo pamodzi. Ndiye musanayatse chojambulira, tsekani maso kwa mphindi imodzi n'kutchula chilichonse chimene mukumva: chigayo cha patali, tambala, chitseko cholira, wailesi ya aneba. Zonse zimene mwatchulazo zilowa m'fayilo yanu.

Zimenezi ndinaziphunzira mowawa. Chaka china mu Julaye ndinapita m'mudzi wina wa kufupi ndi phiri la Chongoni kukajambula agogo ena amene amadziwa mbiri ya mudziwo. Tinakhala panja kuti tiwothere dzuwa, mphepo ya mwera ikuwomba pang'onopang'ono, ine osavala mahedifoni. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti theka la zimene agogowo ananena lakwiririka ndi mkokomo wa mphepo. Ndinayesa zonse zimene kompyuta ingathe, koma mawu aja sanabwerere. Pamene ndimapeza mpata wopitanso, agogowo anali atatisiya. Kuchokera tsiku limenelo sindijambula kanthu mahedifoni asali m'makutu, ndipo mayikolofoni anga satuluka panja osavala kasiponji kotchinga mphepo.

Njira yapafupi yogonjetsera phokoso ndiyo kuyandikira. Pakati pa kamwa ndi mayikolofoni pakhale mtunda wa chikhatho chimodzi chotambasula. Mtunda umenewu ukawirikiza kawiri, mphamvu ya liwu imatsika ndi ma dB pafupifupi 6 (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), pamene phokoso la pamalopo limakhala chimodzimodzi. N'chifukwa chake foni yoikidwa patebulo pakati pa msonkhano imatulutsa mawu ngati ochokera m'chitsime. Komabe kuyandikira kuli ndi vuto lake, ndipo ife olankhula Chichewa limatikhudza kwambiri. Ikani dzanja patsogolo pa kamwa n'kunena kuti "phala, thumba, khasu". Mwaumva mpweya umene wagunda dzanjalo? Ukagunda mayikolofoni umamveka ngati chibakera. Apendeketseni mayikolofoniwo pang'ono kuti mpweya uziwadutsa pambali, kapena pindani waya mozungulira, mukungepo sokosi yopyapyala ya amayi, muike pakati pa kamwa ndi mayikolofoni. Imagwira ntchito ngati yogula ija.

Chipinda nachonso chimalankhula. Tchalitchi cha simenti pansi, makoma osalala ndi malata pamwamba chimabweza mawu mbali zonse. Kwa kwaya zimenezi nthawi zina zimakometsa, koma kwa munthu wolankhula yekha zimasokoneza, ndipo kuchotsa mawu obwererawo pa kompyuta n'kovuta kwabasi. Mwayi wathu ku Dedza kuno ndi woti kuzizira kunatiphunzitsa kusunga mabulangete. Pachikani awiri kapena atatu m'makoma a kachipinda kakang'ono, imikani matiresi kumbuyo kwa wolankhulayo, yalani mphasa pansi. Nyumba ya udzu imajambulitsa bwino kuposa holo yaikulu. Mvula ikayamba kugunda malata, imani kaye, mudikire ikate.

Pali kamzere kamene kamavina pa zojambulira zambiri, kosonyeza kukwera kwa mawu. Pamwamba pake penipeni palembedwa 0 dB, ndipo pamenepo ndi padenga. Mawu akagunda dengalo nsonga zake zimadulidwa, amasweka, ndipo amakhala ngati nsima yopserera: mungaipungule bwanji, fungo lija silichoka. Tcherani kuti mawu okwera kwambiri azifika pakati pa -12 ndi -6. Mawu otsika pang'ono mutha kuwakweza pambuyo pake popanda vuto. Ngati mukujambula kwaya, apempheni ayambe aimba pamene nyimbo imafika pachimake, mutcherere pamenepo. Pa ukwati kumbukirani nthungululu. Aliyense akhoza kumalankhula mofatsa, koma azakhali akangoiliza pafupi ndi mayikolofoni, kamzere kaja kamafiira nthawi yomweyo.

Mukamva kaphokoso kong'ung'udza pansipansi kosalekeza, kawirikawiri ndi magetsi. Magetsi a m'dziko muno amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo tchaja yosalongosoka kapena chingwe chotha chimalowetsa kulira kumeneko m'zojambula. Zulani tchaja, laputopu iyendere batire, mumvetserenso. Foni yojambulira ikhale pa flight mode kuti wina asakuimbireni nkhani ili pakati.

Jambulani mu WAV, mtundu wa fayilo umene umasunga mawu osataya kanthu, ngati chida chanu chikulola. Mphindi imodzi ya WAV ya stereo pa 44,100 Hz (kuchuluka kwa tizidutswa ta mawu timene chida chimatola pa sekondi) imadya pafupifupi 10 MB, pamene MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB. MP3 imachepa chifukwa imataya zina mwa mawuwo, ndipo mukaikonza n'kuisunganso mu MP3 imatayanso zina, monga zimakhalira ndi fotokope ya fotokope. Konzerani mu WAV, MP3 ibwere kumapeto kokha pamene mukutumiza kwa anthu, poti nawonso amawerengera bandulo. Ngati mawuwo akukalowa mu vidiyo, sankhani 48,000 Hz m'malo mwa 44,100 Hz. Mnzanu akamakutumizirani zoti mukonze pa WhatsApp, atumize ngati document kuti fayilo ifike momwe ilili.

Tsopano tafika pa kudula, pamene pagona luso lenileni. Choyamba, sungani fayilo yoyambirira pamalo awiri ndipo musaikhudze. Gwirani ntchito pa kope lake. Mukatsegula fayiloyo mu Audacity muona timapiri ndi tizigwa. Timapiri ndi mawu, tizigwa ndi pamene munthu wapuma. Oyamba kumene amakonda kudula ndi maso, kuona chigwa n'kudula pomwepo. Maso amangokulozerani malo, woweruza ndi khutu.

Maphunziro ambiri a pa YouTube amaphunzitsa kudula Chingerezi, ndipo pali zinthu za Chichewa zimene sadzakuuzani. Mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, ndipo polankhula timawalumikiza ngati mkanda. Munthu akati "anapita uko", pakati pa mawu awiriwa palibe mpata woti lumo lilowe. Mukadula pamenepo chilonda chimamveka. Funani pamene wapuma, kapena dulani pamene p, t kapena k watsala pang'ono kumveka, chifukwa pamalembo amenewa mpweya umayamba watsekeka kaye, ndipo pa kompyuta pamaoneka kampata kakang'ono ka zii.

Chinanso n'chakuti Mchewa akamamaliza chiganizo amakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, liwu n'kutsika. Nenani mokweza kuti "Ndagula mbatatesi." Mumva kuti "te" watalika. Tsopano nenani kuti "Ndagula mbatatesi ku Lizulu." Kukoka kuja kwasamukira pa "zu", ndipo "mbatatesi" wadutsa mothamanga. Ndiye mukatenga chiganizo chachiwirichi n'kudula "ku Lizulu", pa pepala chiganizo chatha bwinobwino, koma khutu la Mchewa aliyense limva kuti munthuyo wam'tseka pakamwa. Omvera sangathe kufotokoza chalakwika, amangoti pulogalamuyi siikukoma. Ine ndikafuna pothera, ndimafunafuna pamene wolankhulayo anatsitsa liwu yekha, ngakhale zitanthauze kusiya mawu ena amene ndikanakonda kuchotsa.

Musachotse kupuma konse. Ndamvapo mapulogalamu amene mpweya uliwonse unadulidwa, munthu akungoyankhula ngati makina, womvera mpaka kubanika m'malo mwake. Ma "eee" ochuluka achepetseni, chifuwa chichotseni, koma a mfumu akaima kaye asanaponye mwambi, kachetechete ameneyo ndi mbali ya zimene akunena. Musiyeni. Ndipo pamalo paliponse mukamaliza kujambula, pemphani anthu akhale chete kwa masekondi 30, chojambulira chili chiyakire. Palibe malo amene ali zii kotheratu, ndipo kaphokoso ka pamalopo ndi kamene mudzamatire mipata pamene mwadula, kuti mawu asamagwere m'dzenje. Kachidutswa komweko ndi kamene Noise Reduction ya mu Audacity, yochepetsera phokoso, imafuna: mumakasankha kuti pulogalamuyo idziwe phokoso loti ichotse, kenako mumasankha fayilo yonse. Imathandiza pa phokoso losasintha, monga la fani kapena la magetsi. Pa galu wouwa kapena mwana wolira siithandiza. Mukaithira yambiri, liwu la munthu limamveka ngati akulankhulira m'chitini, choncho ndi bwino kusiya kaphokoso pang'ono kusiyana n'kuwononga liwu.

Lumo limeneli lili ndi mphamvu imene imandiopsa. Mlimi wa ku Tsangano atanena kuti, "Mbewu imeneyi ndi yabwino, koma kuno kwathu siikuchita bwino," ine nditha kudula theka lachiwirilo m'sekondi imodzi, dziko lonse n'kumumva akuyamikira mbewu imene iye amaidandaula. Liwu ndi lake ndithu, koma bodzalo ndi langa. Masiku ano fayilo ikangolowa m'magulu a WhatsApp siibwereranso, ndipo amene akanyozedwe kumudzi ndi mlimiyo. Fupikitsani zimene munthu wanena, koma tanthauzo lake lituluke monga analiperekera. Muuzeninso musanajambule kuti mawu ake akamveka kuti. Pa miyambo ina, monga ya kudambwe kapena ya maliro, chilolezo chimachokera kwa eni mwambo, ndipo akakana, chojambulira chibwerere m'chikwama.

Nyimbo ya pansi pa mawu imakometsa pulogalamu, koma pafupifupi aliyense woyamba amaikweza mopitirira. Chifukwa chake n'chosavuta: inu mukudziwa kale zimene wolankhulayo akunena, ndiye mukuzimva ngakhale nyimbo ikuphimba. Womvera akuzimva koyamba. Itsitseni mpaka muone ngati yatsika kwambiri, kenako muitsitsenso pang'ono. Ilowe ndi kutuluka mwapang'onopang'ono pogwiritsa ntchito fade, ndipo pansi pa munthu wolankhula pasakhale nyimbo ya mawu, chifukwa makutu sangatsate anthu awiri nthawi imodzi. Kumbukiraninso kuti nyimbo ili ndi mwini wake. Dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira zimenezi. Facebook ndi YouTube nazonso zimatha kutseka mawu a vidiyo imene ili ndi nyimbo ya eni. Pemphani chilolezo, kapena pezani mnzanu woimba gitala akuimbireni kanyimbo kanukanu.

Mukamaliza, musakhulupirire mahedifoni okha. Anthu anu akamvera pa kasipika ka foni, ena m'minibasi yopita ku Lilongwe, ena pa kawailesi ka memori khadi ali kudimba. Kasipika ka foni sikatulutsa mabesi, ndiye chimene chimagunda mokoma m'mahedifoni chikhoza kusowa kotheratu. Mverani pa zida zitatu zosiyana musanatumize. Makutu nawonso amatopa. Pakatha ola limodzi vulani mahedifoni mupite panja, ndipo musazolowere kukweza voliyumu, poti kumva kukawonongeka ndi phokoso sikubwerera.

Amene mukufuna kuyamba, nayi ntchito ya sabata ino. Pemphani amayi anu kapena agogo akufotokozereni momwe amasungira mbewu ya mbatatesi, kapena momwe ukwati wawo unayendera. Jambulani mphindi zisanu ndi foni, m'chipinda cha mabulangete chija, pa mtunda wa chikhatho chimodzi. Dulani zitsale mphindi ziwiri, popanda nyimbo. Kenako mukawamvetsere eni akewo, inu muli chete, n'kuwafunsa kuti, "Amayi, kodi zimene munanena zija ndi zimenezi?" Akayankha kuti pena pake mwawadumphitsa, musatsutse. Afunseni akulozereni pamene akupanenapo, mubwerere ku fayilo yoyambirira ija, mudulenso.