Stiki ya hoke imafera kunyumba, osati pa galaundi

Ma stiki ambiri amene ana amandibweretsera atathyoka kuno ku Nchalo sikuti anathyokera mu gemu ayi, anayamba kufa kalekale pakhonde. Mwana wachoka ku pulakatisi waitsamiritsa pakhoma padzuwa, ndiye dzuwa lathu la Okutobala mukulidziwa, kupyola madigiri 40. Stiki ya kaboni ndi fiberglass inamatidwa ndi utomoni, ukamapsa daily choncho umafooka, giripi, chokulunga chija cha pogwirira, nkuyamba kumatuka. Yamtengo, zija za mabulosi zochokera ku Pakistan ndi India, imauma gwa nkuchita ming'alu, mvula ikabwera imamwa madzi nkufufuma. Isungeni mkati pamthunzi, poikolowekera mmwamba, pansi pali chiswe komanso madzi akasefukira mukudziwa kale.

Pomwe pamatha msanga ndi kumutu, kunsi komwe kumakhula dothi. Magalaundi athu ndi fumbi ndi timiyala, amadya stiki ngati sandipepala. Mukaona ulusi woyera kapena wakuda wayamba kutuluka musadikire. Tsukani, iume bwinobwino, palani pang'ono ndi sandipepala, kenako sakanizani guluu wa epoxy, uja wa timachubu tiwiri ngati Araldite, muyezo ofanana. Kuno amagwira msanga kamba ka kutentha ndiye sakanizani pang'ono pang'ono, makamaka mmamawa. Pakani, kulungani ndi pulasitiki kuti pasalale, musaigwire mpaka mawa lake, muzapalenso. Ngati pali mng'alu lowetsani guluuyo mkati ndi kamtengo ka machesi nkumanga zolimba ndi mphira wa chubu cha njinga mpaka aume. Mphira omwewo umathandizanso pa giripi ndalama ikavuta, bola pamwamba mukulunge kansalu chifukwa thukuta limaterera.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi waya ndi misomali. Ndinaonapo mwana atang'ambika chala kamba ka waya omwe bambo a mnzake anamangira stiki, chonde makolo musatero. Tepi nayenso asachuluke, malamulo a FIH, bungwe loyang'anira hoke padziko lonse, amati stiki idutse mu ring'i ya mamilimita 51 ndipo isalemere kupyola magalamu 737, mukaunjika tepi ampaya aikana.

Koma yakaboni ikathyoka pakati, kapena mukaigogoda pansi nkumalira ngati nsungwi yong'aluka, imeneyo yatha basi, mkati mwake ndi mwamphako guluu sangagwire. Iduleni, mupale nsonga, ana ang'ono aziphunzirira kuyendetsa mpira.